Mlandu wathetsedwa chifukwa chochedwa kupereka ma witness statement

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru msanga. Dzulo ku High Court ku Chichiri jaji anathetsa mlandu wa kasitomala wanga, mayi amene anathyoka mwendo pa ngozi ya minibasi ku Limbe mu 2021, chifukwa ma witness statement (umboni wolembedwa wa mboni) tinawapereka patadutsa masiku 9 kuchokera pa tsiku limene anatiikira pa scheduling conference (msonkhano wokonza ndondomeko ya mlandu). Dokotala anachedwa kusayina, kalaliki wathu anali kumaliro ku Thyolo, ndipo loya wa inshulansi sanazengereze kutchula Order 14 ya malamulo a 2017 oyendetsera milandu ku High Court, gawo lokhudza msonkhanowo. Kodi ndibwerere kwa jaji yemweyo, kapena ndiyambe mlandu watsopano?

Phiri: Achemwali, za mlandu watsopano muiwaliretu. Limitation Act, lamulo loika malire a nthawi yosumira, imapereka zaka zitatu zokha pa milandu ya kuvulala, ndipo zanuzo zinatha mu 2024. Mukangosumanso, a inshulansi adzakulandirani ndi lamulo lomwelo pakhomo.

Mbewe: Njira ndi apilo basi. Jaji akagamula ndiye kuti wasamba m'manja, sangatsegulenso fayilo imene watseka yekha.

Nabanda: A Mbewe, tiyeni tiyambe taona mmene chigamulocho chalembedwera. Order 2 ya malamulo a 2017 imanena kuti kuphonya ndondomeko pakokha sikupha mlandu, ndipo jaji sanamve umboni uliwonse. Komabe achemwali, mu sworn statement (chikalata cholumbirira) ya pempho lanu kwa jaji yemweyo musakaike mlandu pa kalaliki, pakuti oweruza anatopa nayo nyimbo imeneyo, ndipo adzakufunsani chifukwa chimene simunapemphe nthawi yowonjezera tsikulo lisanakwane. Fotokozani tsiku ndi tsiku zimene zinachitika, ndi kalata ya dokotala pomwepo.

Gondwe: Nkhaniyi yandikumbutsa zimene zinandigwera malamulowa atangoyamba kugwira ntchito. Ndinali ndi mlandu wa ngongole umene ndinausiya dala chifukwa mbali ziwirizo zinkakambirana pazokha, ndipo pamene zokambiranazo zinalephereka, ndinakapeza kuti khothi linaufafaniza kale pansi pa Order 12 rule 56, poti miyezi 12 inali itadutsa popanda chochitika. Palibe amene anandidziwitsa, ndipo lamulolo silifunanso kuti akudziwitse. Mwini ngongole anandikhalira pa ofesi masiku atatu. Kuyambira pamenepo masiku onse ndimalemba ndekha m'dayale, sindituma munthu.

Mbewe: Zonsezi n'zabwino kumva, koma pamene mukupempha jaji yemweyo, nthawi ya apilo ikutha. Akadzakukanirani, mudzapita ku Supreme Court mutachedwa kachiwiri, ndipo mudzakafotokoza chiyani kumeneko?

Phiri: Chimene sitinachitchule ndi mayiyo. Auzeni lero lomwe, ndiponso mwa kalata, kuti mlandu wathetsedwa komanso chifukwa chake chenicheni. Akakamva kwa ena kuti chipukuta misozi chawo chatayika, dandaulo likafika ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ndipo kubisako kudzalemera kuposa kuchedwako. Ma costs (ndalama zolipirira mlandu) a pempholi musawaike pamutu pawo.

Nabanda: Ndiwonjezere kuti ngati muli pansi pa munthu, abwana anu adziwe musanalembe kalata imeneyo, chifukwa mawu ake angadzagwiritsidwe ntchito pokusumirani inu nomwe.

Mbewe: Ine ndanena kale, lembani notice of appeal (chidziwitso cha apilo). Zinazo muzichita pepalalo lili ndi chidindo.

Gondwe: A Nachisale, kodi chigamulocho mwachitenga kale ku registry (ofesi yosunga mafayilo a khothi)? Chalembedwa kuti dismissed (wathetsedwa) kapena struck out (wafafanizidwa)?