R-Type ikuyenda pang'onopang'ono pa Amstrad CPC 464: kodi vuto ndi makina kapena gemu?

Mayi Nkhoma, Leicester:
Amisiri anzanga, ndikupempha nzeru. Kasitomala wina anabweretsa kompyuta yakale ya Amstrad CPC 464 yomwe inali itasiya kuwerenga makaseti, ndipo nditasintha lamba wa kaseti ndi kupukuta mutu wowerengera, makinawo anayamba kugwira ntchito. Tsopano wabwerera ndi dandaulo lakuti gemu ya R-Type ikuyenda pang'onopang'ono, mitundu ndi yochepa, ndiponso chithunzi chikuoneka chaching'ono pakati pa sikirini, choncho akukana kulipira ponena kuti ndaononga china chake m'katimo. Iye akukumbukira R-Type yothamanga, ya mitundu yambiri, yomwe ankasewera ali mnyamata. Kodi ndiyambire kuyeza pati?

A Chirwa:
Mayi, yambani ndi mphamvu ya magetsi. CPC 464 imatenga ma volt 5 kuchokera ku monita yake, ndipo mamonita amenewa akalamba, choncho muyeze ngati mphamvuyo sikutsika gemu ikamayenda. Ikakhala bwino, ine ndikanakayikira RAM kapena purosesa ya Z80.

A Mwale, Manchester:
A Chirwa, kuyeza magetsi n'koyenera, koma pa RAM ndi purosesa ndikusiyana nanu. RAM ikaonongeka makina amazima, amaima, kapena amaonetsa zinyalala pa sikirini. Sachepetsa liwiro mwadongosolo. Komanso liwiro lonse la CPC limachokera ku crystal imodzi ya 16 MHz, yomwe chipu chotchedwa Gate Array chimaigawa kuti Z80 ilandire 4 MHz ndipo chipu choyendetsa chithunzi, 6845, chilandire 1 MHz. Crystal imeneyo ikanasokonekera kwambiri, chithunzi sichikanakhazikika ndipo kasetiyo sikanawerengeka n'komwe.

Zimene mwafotokoza, Mayi Nkhoma, ndi mmene gemuyi inatulukira. R-Type yoyambirira inapangidwa ndi kampani ya Irem ya ku Japan mu 1987, pa makina a arcade (oseweretsa poponya ndalama) okhala ndi purosesa ya 16-bit komanso zipangizo zapadera zojambulira adani ndi zipolopolo ndi kusuntha chithunzi chakumbuyo. CPC ilibe zojambulira zotere, choncho mdani aliyense ndi chipolopolo chilichonse chimajambulidwa ndi Z80 yokha. Kampani ya Electric Dreams itatulutsa gemuyi pa makompyuta a m'nyumba mu 1988, ya ZX Spectrum inalembedwa ndi Bob Pape ndipo inatamandidwa kwambiri, koma ya Amstrad sinalembedwe mwatsopano: Keith Goodyer anapatsidwa masiku 21 okha kuti asamutse pulogalamu ya Spectrum ija, popeza makina onse awiri amagwiritsa ntchito Z80. Ine sindimuimba mlandu munthuyo, chifukwa amene anaika malire a nthawi ndi kampani.

Kuchedwako kumamveka mukawerengetsa. Spectrum imasunga chithunzi cha timadontho 256 m'lifupi ndi 192 m'litali m'mabayiti 6,144, kuphatikizapo ena 768 a mitundu. Pa Mode 1 ya CPC, njira yoonetsera chithunzi imene gemuyi imagwiritsa ntchito, kadontho kalikonse kamafuna mabiti awiri, kotero chithunzi chomwecho chimadya mabayiti 12,288. Ntchito yawirikiza, pamene purosesa sinawonjezere mphamvu, pakuti ngakhale imalembedwa kuti ndi ya 4 MHz, Gate Array imaidikiritsa mpaka liwiro lenileni limakhala pafupifupi 3.3 MHz, kuchepera 3.5 MHz ya Spectrum. Mode 1 imalola mitundu inayi yokha, ndipo malo osewerera ndi aang'ono chifukwa anatengera muyeso wa Spectrum.

Mayi Nkhoma:
Zikomo, a Mwale, zamveka bwino. Magetsi ndayeza monga ananenera a Chirwa ndipo ali bwino. Komabe kasitomalayu si munthu woti angakhutire ndi mbiri ya 1988 kapena masamu a mabayiti. Ndikufuna umboni woti aone ndi maso ake pa tebulo langa.

A Mwale:
Muonetseni zinthu zimenezi iye ali pomwepo. Mu BASIC, chinenero cholembera mapulogalamu cha m'makinawa, lembani MODE 0, kenako muyendetse BORDER kuyambira 0 mpaka 26, kuti aone mitundu yonse 27 ya makinawa ikutuluka. Pa liwiro, gwiritsani ntchito TIME, yomwe imawerenga ka 300 pa sekondi: lembani lupu ya FOR yowerenga mpaka 10,000, muone kusiyana kwa TIME isanayambe ndi itatha, ndipo muchite chimodzimodzi pa emulator (pulogalamu yotsanzira CPC pa kompyuta yamakono) monga WinAPE kapena Caprice32 mutaisankhira 464. Manambalawo akafanana, nkhani ya purosesa yatha. Mukatero mutsegule R-Type yomweyo pa emulator, aone kuti kuchedwako kulinso komweko, kenako muike pa makina ake gemu yomwe inajambulidwira CPC mu Mode 0, monga Gryzor ya Ocean ya mu 1987, yomwe imaonetsa mitundu 16.

A Chirwa:
Ndavomereza. Ndingowonjezera kuti mumufunse kumene ankasewera gemu imene akuikumbukirayo, chifukwa mwina inali ya arcade, ya Amiga, kapena ya Commodore 64, yomwe chipu chake cha VIC-II chimajambula chokha zithunzi zoyenda zisanu ndi zitatu. Muthanso kumuuza kuti gulu la Easter Egg linalembanso R-Type ya CPC mu 2012, ndipo imeneyo ndi yokongola kwambiri.

A Mwale:
Pa imeneyo musamale pomulonjeza, Mayi. Inalembedwera makina a 128K monga CPC 6128 ndipo imabwera pa disiki, pamene 464 ili ndi 64K yokha ndipo ilibe choyendetsera disiki pokhapokha mutalumikiza DDI-1. Akaifuna, imeneyo ikhale ntchito ina ya mtengo wake, osati yolowa pa lisiti la lamba wa kaseti.

Mayi Nkhoma:
Wabweranso ndipo ndamuonetsa zonse. Lupu ija yapereka manambala ofanana pa makina ake ndi pa WinAPE, ndipo wanena kuti gemu imene ankaikumbukira ankasewera pa makina oponya ndalama ku Skegness. Walipira za lamba, ndipo wapempha mtengo wa 6128 yokonzedwa kale. Ngati alipo pakati panu amene ali nayo, makamaka yoikidwa kale Gotek, chipangizo chowerenga USB, m'malo mwa drive ya disiki ya mainchesi atatu, chonde andilembere.