Masiku anayi ku San Pedro de Atacama: El Tatio ndiyambe nayo kapena ndimalize nayo?

Wapaulendo

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mu Julayi ndili ndi msonkhano ku Santiago, m'dziko la Chile, ndipo ukatha ndikufuna kukaona chipululu cha Atacama. Ndege ikafika ku Calama Lachinayi masana, kubwerera ndi Lolemba m'mawa. Kampani ina yoyendetsa alendo yandiikira akasupe otentha a El Tatio Lachisanu m'bandakucha, Valle de la Luna madzulo ake, nyanja za kumapiri Loweruka. Ndivomere? Nanga matenda a kumalo okwera amene amanenedwawa ndi enieni kapena n'zongoopsezana?

Chikwama

A Wapaulendo, musavomere. Malo asankhawo ndi abwino onse, koma ayamba ndi omwe amayenera kukhala otsiriza.

Taonani manambala. Pakati pa mzinda wa Santiago sipapitirira mamita 600 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu. Tauni ya San Pedro ili pa mamita 2,400. El Tatio ili pa 4,300, ndipo kumeneko mukakoka mpweya kamodzi mumapeza okosijeni wokwana magawo pafupifupi 60 pa 100 a amene mungapeze kugombe. Ndiye munthu wadzuka ku Santiago Lachinayi, wagona tulo ta maola anayi, Lachisanu 6 koloko m'mawa ali pa 4,300. Thupi silinafunsidwe n'komwe. Ambiri otere amathera m'minibasi atagwira mutu, anzawo akujambula.

Ikani chonchi. Lachinayi musachite kanthu. Kuchoka pabwalo la ndege la El Loa ku Calama kufika ku San Pedro ndi makilomita pafupifupi 100, ola limodzi ndi theka. Mukafika yendani pang'onopang'ono mu msewu wa Caracoles, kaoneni tchalitchi chakale cha zidina pabwalo la tauni, idyani zopepuka, mowa ayi.

Lachisanu khalani m'munsi. M'mawa Pukará de Quitor, linga lamiyala la anthu a mtundu wa Atacameño, lili makilomita atatu okha ndipo panjinga yobwereka mufika. Madzulo Valle de la Luna, makilomita 13 chakumadzulo, m'zitunda zamchere za Cordillera de la Sal. Pamenepo fatsani. Dzuwa likamapendeka khalani chete pafupi ndi khoma la mchere, mumva likuthetheka ngati nkhuni pamoto chifukwa mwala ukuzizira. Kum'mawa phiri la Licancabur, lija losongoka la mamita opitirira 5,900, limasanduka lofiirira kwa mphindi zochepa kenako n'kuda.

Loweruka Laguna Chaxa komwe kuli mbalame za flamingo, kudutsa midzi ya Toconao ndi Socaire, mpaka nyanja za Miscanti ndi Miñiques. Lamulungu ndiye El Tatio, mutagona kale mausiku atatu pa 2,400.

Opita ku El Tatio amanyamuka cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'bandakucha, osati pofuna kukuzunzani. Nthunzi imaoneka yaitali mpweya ukakhala wozizira kwambiri, dzuwa likangokwera imachepa n'kutsala tiutsi. Mu Julayi kumazizira mpaka madigiri 10 pansi pa ziro, nthawi zina kuposa. Valani zosanjikiza: chamkati chogwira thupi, juzi, jekete yotchinga mphepo, magolovesi, chipewa chophimba makutu, masokosi awiri. Pofika 10 koloko muzikhala mukuvula chimodzichimodzi. Ndipo musadumphe mzere wa miyala womwe anaika kuzungulira akasupe. Pamwamba pamaoneka pouma, koma ndi kachikhakha kopyapyala, pansi pake pali madzi obwadamuka. Kumeneko madzi amawira pa madigiri pafupifupi 86, ndipo amenewo amasupula khungu chimodzimodzi. Anthu anapsapo, ena mpaka kumwalira.

Namwino_wa_Usiku

Matendawo ndi enieni, kumeneko amawatcha puna kapena soroche. Sasankha kuti uyu ndi wamasewera kapena ndi wachinyamata. Amayamba pakapita maola 6 mpaka 12 munthu atakwera: litsipa, nseru, chizungulire, kusafuna chakudya, tulo todukizadukiza. Zikakhala zochepa, pumani, imwani paracetamol kapena ibuprofen, ndipo musakwerenso kufikira zitatha.

Zoopsa ndi izi: befu ngakhale mwangokhala pansi, chifuwa chotulutsa thovu, kudzandira ngati woledzera, kuyankhula zosokonekera. Apo madzi ayamba kulowa m'mapapo kapena ubongo ukutupa. Mankhwala ake oyamba ndi kutsika nthawi yomweyo, osadikira kuti gulu limalize kujambula. Musanalipire, funsani ngati m'galimoto mumakhala botolo la okosijeni.

Pali mapiritsi a acetazolamide othandiza thupi kuzolowera msanga. Mlingo wodziwika ndi 125 mg kawiri patsiku, kuyamba tsiku limodzi musanakwere. Amakodzetsa, amachititsa dzanzi m'zala, ndipo zakumwa za gasi zimamveka zosakoma. Akulembereni ndi dokotala, makamaka ngati mankhwala a sulfa amakuwengani. Amene ali ndi vuto la mtima, la mapapo, amayi oyembekezera, komanso a sickle cell aonane ndi dokotala asanagule n'komwe tikiti. Ngakhale munthu wongotengera sickle cell mbali imodzi, amene sadwaladwala, kapamba amatha kumuvuta pamalo okwera chonchi. Kupweteka kwambiri kumanzere pansi pa nthiti si kopirira.

Tiyi wa masamba a coca akupatsani ndithu. Amatenthetsa m'thupi, koma musamuyese katemera. Masambawo asalowe m'chikwama chobwerera nacho, mayiko ambiri amawawerenga ngati mankhwala ozunguza bongo, ndipo mukayezedwa mkodzo masiku omwewo zimaoneka.

Chinanso ndi kuuma. Thukuta limauma musanaliwone, ndiye ludzu limakupezani mochedwa. Malita atatu kapena anayi patsiku, a m'botolo, poti madzi a m'derali amadziwika ndi arsenic. Gulani chigubu chachikulu muzithira m'kabotolo. Pakani Vaseline m'mphuno pogona, apo ayi kamfuno sakusiyani. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50, opaka pamilomo, ndi magalasi akuda. Khungu lakuda nalonso limapsa kumeneko, kuzizira kusakunamizeni.

Wapaulendo

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndawalembera kale kuti asinthe. Nanga nditabwereka galimoto ku Calama n'kumadziyendetsa ndekha? Komanso zoonera nyenyezi ndiike usiku uti?

Dalaivala_4x4

Galimoto ndi yabwino pa Valle de la Luna, Chaxa ndi Toconao. Ku El Tatio ndikuletsani. Ndi makilomita 80 mpaka 90 mumdima, mbali yaikulu msewu wafumbi wa mizeremizere yogwedeza chiwongolero, m'makona mumakhala madzi oundana, netiweki kulibe, ndipo vicuña, nyama zakutchire za mtundu wa ngamira zazing'ono, zimadumphira mumsewu osachenjeza. Injini nayonso imasowa mpweya monga inu, yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndiye kupitirira galimoto ina pachitunda kumatenga mtunda wautali kuposa momwe munazolowerera. Potsika gwiritsani magiya, mukadalira mabuleki okha amatentha n'kusiya kugwira. Ngati mwalimbikirabe, tengani yokwera pansi, onani tayala la sipeya ndi jeke musanasaine, dzazani thanki m'tauni chifukwa kumapiri kulibe pothira mafuta, ndipo mapu muwasungiretu mufoni.

Koma a Chikwama, ndikutsutseniko pang'ono. Miscanti ili pamwamba pa mamita 4,100. Nanga mwawapulumutsa chiyani powatumiza kumeneko Loweruka?

Chikwama

Mwafunsa bwino, akulu. Kusiyana kwake ndi kakweredwe. Wa ku Miscanti amadzuka atagona mokwanira mausiku awiri, amayamba ndi Chaxa pa 2,300, amaima ku Socaire pamwamba pa 3,000, n'kufika kunyanjako dzuwa lili pamutu. Wa ku El Tatio amakwera mamita pafupifupi 2,000 m'maola awiri, tulo tili m'maso, m'mimba muli gwa, kunja kuli chisanu. Komabe mukunena zoona kuti Loweruka ndi mayeso. Akabwerako mutu ukuwawa kwambiri, Lamulungu asiye El Tatio, apite ku akasupe ofunda a Puritama pa 3,500, kapena akayandame m'madzi amchere ku Laguna Piedra, pafupi ndi Laguna Cejar. Kumeneko asamete tsiku lomwelo, mchere wake umaluma pachilonda chilichonse.

Nthanda

Za nyenyezi, yang'anani kalendala ya mwezi musanasankhe usiku. Masiku oyandikira mwezi wathunthu makampani ambiri sapita n'komwe, thambo limayera ndipo mlalang'amba subwera. Mwezi ukakhala mumdima, Julayi ndi nthawi yabwino zedi, pakati pa mlalang'amba pamadutsa pamutu penipeni. Ikani Lachisanu. Loweruka ayi, simungagone pakati pausiku n'kudzuka 4 koloko. Si mwangozi kuti ALMA, malo ofufuzira zakuthambo okhala ndi madishi 66, anamangidwa pa Chajnantor pa mamita 5,000 pafupi pomwepo. Kumtundako alendo safika.

Tizinthu tating'ono tomwe timapweteketsa. Mtengo wa kampani nthawi zambiri suphatikiza ndalama yolowera pachipata, ndipo malo ena matikiti ake amagulidwiratu pa intaneti ndi ola lake, choncho funsani pa malo alionse. Tapani ma peso ku Santiago kapena ku Calama, makina a ndalama ku San Pedro ndi ochepa ndipo amatha kuuma kumapeto kwa sabata. Kapepala komwe apolisi a PDI, oona za anthu olowa ndi otuluka, akupatseni polowa m'dziko musakataye. Kamafunika potuluka, komanso mukakaonetsa ndi pasipoti n'kulipira m'madola, mahotela olembetsedwa amakuchotserani msonkho wa 19 peresenti. Funsaninso ngati chipinda chili ndi hita, nyumba zambiri zotchipa zimangopereka mabulangete. Foni ndi mabatire a kamera muziika m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, chisanu cha ku El Tatio chimazimitsa foni yodzaza theka.

Galimoto yokubwezerani ku Calama Lolemba muyisungitse Loweruka, osati Lamulungu usiku.