Misa ya malemu aikankhira Lachiwiri: kodi abambo ali ndi chifukwa?

NaBanda wa ku nthambi

Akhristu anzanga, ndigawireni nzeru. Banja lina mu mphakati mwathu linapempha Misa ya malemu bambo awo kuti ichitike Lamulungu, Misa yoyamba. Ku ofesi ya parishi anawayankha kuti pa Misa imeneyo bambo mfumu salandira chopempha cha munthu, asankhe yachiwiri kapena Lachiwiri m'mawa. Chinanso, ife a ku nthambi tinapempha kuti akamaliza Misa zitatu za Lamulungu adzatichitireko yathu madzulo, anakana. Anthu ayamba kung'ung'udza. Kodi lamulo lilipo, kapena n'zongoganiza abambo okha?

Katekisiti Wopuma

Mayi, lamulo lilipo, ndipo pa ziwiri zonsezi abambo sanaphonye. M'malamulo a Mpingo a 1983, nambala 534 imamanga bambo mfumu aliyense kuti Lamulungu lililonse ndi pa masiku oyera olamulidwa apereke Misa imodzi chifukwa cha anthu onse a m'parishi yake. Pa Chilatini amati pro populo. Misa imeneyo ndi ya wina aliyense, wa ku nthambi yemwe, n'chifukwa chake salandirapo ndalama ndipo sangaipatse banja limodzi. Akadwala kapena akachokapo amapempha wansembe wina aipereke tsiku lomwelo, apo ayi amaibweza yekha tsiku lina. Udindowu ndi wa bambo mfumu yekha. Ngati parishi ili ndi abambo othandiza, Misa yawo ya Lamulungu ikhoza kutenga chopempha cha banjalo, ndiye funsani kuti akutsogolera ndani.

Za Misa yachinayi onani nambala 905. Wansembe amaloledwa kuchita Misa imodzi yokha pa tsiku. Ansembe akachepa, Ambuye Episkopi amatha kulola ziwiri pa masiku wamba, zitatu Lamulungu ndi masiku olamulidwa. Mphamvu ya episkopi imathera pomwepo. Pemphani Loweruka madzulo kapena tsiku la mkati mwa sabata.

Achimwene a Kwaya

A Katekisiti, nanga bwanji m'maparishi ambiri timamva mayina khumi akuwerengedwa pa Misa imodzi? Si ndiye kuti lamulolo anthu salitsata?

Mlembi wa Parishi

Achimwene, apa m'pomwe anthu amasokonezeka. Kutchula dzina m'mapemphero a akhristu n'kwina, kupereka Misa chifukwa cha munthu n'kwinanso. Mayina angachuluke bwanji, kuwatchula sikuvuta. Koma nambala 948 imati chopereka chilichonse chimene wansembe walandira, ngakhale chichepe, chimafuna Misa yakeyake. Kuphatikiza zopempha zambiri pa Misa imodzi kumaloledwa pokhapokha eni ake atauzidwa poyamba n'kuvomera mwaufulu. Roma inalemba izi mu 1991, n'kuzikonzanso mu 2025. Ngakhale pamenepo wansembe amasunga chopereka chimodzi chokha, zotsalazo zimapita kumene episkopi analamula. N'chimodzimodzi akachita Misa ziwiri kapena zitatu: lake ndi gawo limodzi pa tsiku, kupatula pa Khirisimasi.

Mlingo wa chopereka sauika bambo mfumu, ngakhale khonsolo ya parishi. Amaika ndi maepiskopi a chigawo cha Mpingo. Kuno ku Malawi zigawo ndi ziwiri: cha Blantyre, momwe muli Chikwawa, Zomba ndi Mangochi, ndi cha Lilongwe, momwe muli Dedza, Mzuzu ndi Karonga. Wansembe saloledwa kupempha zoposa mlingowo. Wina akapereka zambiri mwa kufuna kwake alandire, akapereka zochepa alandirenso, ndipo wosauka amene alibe kanthu Mpingo umalimbikitsa kwambiri kuti amuchitire Misa basi. Amene amauza gogo wamasiye kuti "bwererani, ndalama yaperewera" ndiye akulakwa, osati gogoyo.

Zimene zimawonongeka kawirikawiri si za malamulo ayi, n'za kalembedwe. Wina amapatsira abambo ndalama pa windo la galimoto akunyamuka, dzina n'kungolitchula pakamwa. Wina amaponya envulopu m'dengu la chopereka, owerenga n'kuiphatikiza ndi mtulo kapena za masika. Wina amalemba "malemu agogo" basi. Chitani chonchi: pitani ku ofesi kusanatsale sabata ziwiri, lembani dzina lonse m'zilembo zazikulu, nenani ngati munthuyo ndi wamoyo kapena womwalira, tchulani tsiku limene mukufuna ndi lina lapadera, ndipo musachoke musanaone kuti zalowa m'buku. Bukulo nalo ndi lamulo, nambala 958, ndipo episkopi kapena nthumwi yake amayenera kuliyendera chaka ndi chaka. Komanso wansembe saloledwa kulandira Misa zoposa zimene angathe kuzichita m'chaka chimodzi. Zikamuchulukira amazitumiza kwa ansembe ena pamodzi ndi chopereka chake chonse, choncho musadabwe kumva kuti Misa yanu yachitikira kwina.

NaBanda wa ku nthambi

Zikomo kwambiri, ndikafotokoza pa msonkhano wa mphakati. Koma banjalo limafuna mapemphero a omwalira enieni, ndi mawerenga ake. Pa Misa yachiwiri ya Lamulungu zingatheke?

Katekisiti Wopuma

Chopempha chitheka, koma mapemphero ndi mawerenga akhala a Lamulungu lomwelo, ndipo chovala cha abambo chikhala cha nyengoyo. Misa yokumbukira womwalira yokhala ndi mapemphero akeake malo ake ndi mkati mwa sabata, ndiye a ku ofesi potchula Lachiwiri ankawathandiza. Ngakhale Misa ya maliro, thupi lili pomwepo, siloledwa pa Malamulungu a Adventi, a Lenti ndi a nyengo ya Pasaka, pa Lachinayi Loyera mpaka Pasaka, ndi pa zikondwerero zazikulu zolamulidwa.

Muwakumbutsenso za pa 2 Novembala. Tsiku limenelo wansembe aliyense amaloledwa Misa zitatu, mwayi umene Papa Benedict XV anapereka mu 1915: imodzi ya chopempha cha munthu, ina ya omwalira onse, yachitatu ya zolinga za Papa. Nthambi zambiri zimalimbirana tsiku lomwelo, choncho kalata yanu ifike ku ofesi Okutobala asanayambe, ndandanda ya maulendo isanatsekedwe, ndipo munenemo ngati galimoto imafika kumanda kapena abambo adzatsikira pa mlatho.