Ndiyambe iti pa PlayStation 5 (PS5), Elden Ring kapena Baldur's Gate 3?

Anzanga okonda magemu, ndithandizeni maganizo. Chaka chonsechi ndakhala pa gemu ya mpira, koma yayamba kundikwana. Tsopano mtima ukufuna gemu ya nkhani yozama.

Elden Ring ya 2022 ija ndinailawako kwa mnzanga. Dziko lake n'lokongola zedi, umangoyenda pa hatchi yotchedwa Torrent osafuna kusiya, koma mdani wamkulu wotchedwa Margit anandipha kakhumi konse mpaka manja kuchita thukuta pa kontrola. Kodi munthu amazolowera, kapena kuvutaku n'kofika kumapeto?

Baldur's Gate 3 anthu amaitama pa nkhani yake, koma ndewu zake n'zodikirana, wina amenye kenako iwe. Sizigwetsa ulesi? Ine ndimapeza ola limodzi lokha madzulo. Amene munasewera zonse ziwiri, mungandilangize iti?