Keke yooneka ngati zenera la m'tchalitchi: ndalakwitsa pati?

Mwana wa ku Likoma

Moni nonse odziwa za makeke. Amayi anga akwanitsa zaka 70 kumayambiriro kwa February, ndipo ndikufunitsitsa kuwapangira keke yokongoletsedwa ngati mazenera a magalasi amitundumitundu a m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma, kumene iwo anabatizidwira ndi kuimbira kwaya kuyambira ali mtsikana. Sabata yatha ndinayeserera pa keke yaing'ono. Ndinaphwanya maswiti ofiira ndi obiriwira, n'kuwasungunula mu uvuni pa pepala lophikira makeke, ndipo anatuluka onyezimira ngati galasi lenileni. Koma nditawamata pa keke n'kuigoneka mufiriji, m'mawa ndinapeza maswiti aja atafewa, mtundu wofiira ukuyenderera m'mbali mpaka m'mbale. Chonde ndithandizeni, pakuti masiku atsala ochepa.

Wophika makeke ku Zomba

Pepani achemwali, koma musataye mtima, chifukwa dzanja lanu silinalakwe. Chimene chinakuonongerani ntchito ndi chinyezi. Shuga wosungunula akauma amakoka madzi a mumpweya, ndipo keke ikatuluka mufiriji imachita thukuta, lomwe limasungunula shugayo nthawi yomweyo. Popeza February ndi pakati pa dzinja, ine ndikanakulangizani kuti maswiti muwasiye kaye.

Kutirani keke ndi fondant (shuga wokanda amene amayalidwa pamwamba pa keke ngati nsalu) woyera bwino, chifukwa kuyerako ndi kumene kumaonetsa mitundu ngati kuti dzuwa likuwala kuseri kwake. Jambulani zenera lanulo papepala, muliike pa fondant, n'kulondola mizere ndi kamtengo kosongoka mopepuka. Kenako finyirani royal icing (phala la shuga lokongoletsera keke limene limalimba likauma) wakuda m'mizeremo, yemwe aimire mtovu umene umagwira magalasi m'zenera lenileni, ndipo icing ameneyu mumusiye aume usiku wonse pamalo opita mphepo. Apa m'pamene ambiri amathamangira, ndiye zakuda zimalowerera m'mitundu ina. Mizere ikauma gwa, dzazani chigawo chilichonse ndi piping gel (jele wodyedwa woonekera ngati madzi) wothira mtundu wa zakudya, pogwiritsa ntchito kaburashi kakang'ono, kuyambira mitundu yowala monga yachikasu n'kumalizira yabuluu ndi yofiira. Onetsetsani kuti mzere uliwonse wakumana ndi unzake popanda mpata, apo ayi mitundu idzasakanikirana.

Bambo wa ku Area 25

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Zomba pa nkhani ya chinyezi, koma ndikuona kuti galasi lopentedwa silifika pa galasi limene kuwala kumadutsa. Ngati mungapeze isomalt (chotsekemera cholowa m'malo mwa shuga) kwa ogulitsa zipangizo za makeke, yesani, chifukwa sakoka madzi msanga ngati shuga wamba ndiponso sasanduka wachikasu akamaphikidwa. Amaphikidwa kufika pa madigiri a Celsius pafupifupi 170, kenako mumathira mtundu, kudikira kuti thovu lithe, n'kumutsanulira pa mphasa ya silicone (yonga labala, yopirira kutentha). Chenjerani kwambiri ndi manja, pakuti dontho limodzi likagwera pakhungu limamatirira n'kupsereza, choncho ana asayandikire. Zidutswazo zisungeni m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica toyamwa chinyezi, ndipo muziimike pamwamba pa keke phwando litatsala pang'ono kuyamba, keke ili pafupi ndi zenera kapena makandulo ali kumbuyo kwake.

Namkungwi wa makeke

Mwanangu, ine ndiwonjezerepo pa mizere yakudayo, chifukwa ndi imene imapangitsa munthu kuzindikira kuti akuona zenera la m'tchalitchi. Mukathira mtundu wakuda wambiri mu icing woyera, amayamba kuwawa ndipo amadetsa milomo ya alendo. Yambani ndi kusakaniza ufa wa koko kuti icing akhale woderako, kenako mudonthezere wakuda pang'ono, n'kumuphimba mpaka mawa lake, popeza mtundu umakhwima ukagona. Musachulutsenso zigawo. Mtanda umodzi pakati, kapena nkhunda, wozunguliridwa ndi zigawo zazikulu khumi ndi ziwiri, umaoneka bwino kuposa tizidutswa tambirimbiri timene dzanja losazolowera silingathe kuwongola. Ena amasungunula mtundu ndi mowa wa vodka kuti uume msanga, koma podziwa kuti mwini keke ndi mayi wa mpingo, piping gel akukwanirani.

Mwana wa ku Likoma

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Nditsata njira ya fondant ndi piping gel, ndipo Loweruka lino ndiyeserera kufinya mizere pa mbale yafulati kufikira dzanja litasiya kunjenjemera. Mchimwene wanga ali kuchilumba, wandilonjeza kuti akajambula zenera limodzi m'mawa dzuwa likamalowa m'tchalitchimo, kuti ndione mmene buluu ndi zofiira zinakhalira. Mayi a ku Zomba, kodi keke yokutidwa kale ndi fondant ingakhale masiku awiri kunja kwa firiji ngati m'kati mwake mulibe kirimu wa mkaka?