Msika wa kachewere kwathu: pulani ya malo iyambe kapena njerwa?

A Secretário (Ulongwe): Moni nonse akwathu. Amfumu ndi anthu awo avomera pakamwa kutipatsa malo omangapo msika wa kachewere ndi nyumba yosungiramo matumba, m'mbali mwa msewu wa N304. Malowo ndi mamita 100 kutsata msewu ndi 200 kutsikira kudambo, ndiye kuti mahekitala awiri. Chithunzi ndatumizachi ndi pepala lomwe anyamata ajambula. Tigwirizane: ndalama yoyamba ipite ku njerwa mu June muno, kapena kwa woyeza malo?

Amalume Jere (Johannesburg): Njerwa. Mvula ikabwera mu November simudzaotchanso. Pepala lilipo kale, amfumu avomera, china n'chiyani? Khoma likakwera palibe angagwetse msika wa anthu.

Achemwali Nachisale (Maputo): Amalume, pepani, khomalo likhoza kugwa ndithu ngati mutamanga monga pepalali likuonetsera. Nyumba yosungiramo ayiika mamita 8 kuchoka pa phula. Lamulo la malo, Lei 19/97, pa ndime 8 limati m'mbali mwa msewu waukulu mamita 30 ndi malo otetezedwa, ndipo pa misewu ya gawo lachiwiri ndi lachitatu ndi mamita 15. Pamenepo munthu sapeza DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo, chimene chimatheka ndi chilolezo chapadera basi. Ndime yomweyo imatetezanso mamita 100 kuzungulira kasupe, mamita 50 mbali iliyonse ya zingwe za magetsi, ndi makilomita awiri kutsata malire a dziko. Chomalizachi sitingachinyoze ife a ku Angónia, chifukwa N304 imakathera ku Calomue ndipo Malawi ali pafupi. Pulani iyenera kusonyeza kuti malowa ali kunja kwa mzere umenewo.

Amalume Jere (Johannesburg): Nanga ma banca onse aja ali m'mphepete mwa phula amamanga bwanji?

Achemwali Nachisale (Maputo): Amamanga podziwa kuti tsiku lokuza msewu adzachoka. Banca ya nsungwi ndi malata asanu munthu amaiphwasula m'mawa umodzi. Ife tikukamba nyumba ya simenti ya ndalama za anthu ambiri.

Achimwene Armando (Tete): Ndiyankhe ngati wa ntchito yoyeza. Mapepala ndi awiri, musawasakanize. Loyamba ndi esboço de localização, lomwe limalowa m'pempho la DUAT ku ofesi ya Geografia e Cadastro. Ntchito yake ndi kuonetsa pomwe malowo ali pa mapu aakulu, kawirikawiri a sikelo ya 1:50 000, ndi manambala a ngodya zake. Lachiwiri ndi pulani ya mkati mwa malowo, yomwe akuluakulu a zomangamanga ku SDPI, ofesi ya pa boma yoona za mapulani ndi zomangamanga, adzafune popereka chilolezo chomanga. Ili ndi lomwe pepala la anyamata likuyesa kukhala, koma likusowa pafupifupi zonse.

Lilibe sikelo. Pa malo a 100 ndi 200 gwiritsani 1:500, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mamita 5 pansi. Malo onse adzatenga masentimita 20 ndi 40, choncho pepala likhale A2 kuti patsale danga la mfungulo ya zizindikiro, dzina la gulu, tsiku, ndi dzina ndi sayini ya wojambula. Sikelo isalembedwe ndi manambala okha, pajambulidwenso kamzere koyezera, chifukwa pepala likachepetsedwa pa fotokope manambala amanama koma kamzereko kamachepa limodzi ndi chithunzi. Muvi wosonyeza kumpoto palibenso.

Ngodya iliyonse ikhale ndi nambala yake, M1, M2, mpaka kutha, ndi tebulo la ma coordenada, manambala osonyeza pomwe ngodyayo ili pa mapu, m'kawerengedwe kotchedwa UTM. Kwathu ndi zone 36 kumwera. Pansi pa tebulopo alembe datum yomwe wagwiritsa, kutanthauza maziko omwe manambalawo awerengedwera. Apa ndi pomwe ambiri amagwera: GPS ya masiku ano imapereka WGS84, pamene mapu akale a dziko lino anajambulidwa pa datum ya Tete. Ukatenga manambala a uku n'kuwaika pa mapu a uko osasintha, malo amasuntha mamita ochuluka, mpaka kugwera m'munda wa munthu wina papepala. Komanso foni siyeza malire. Imaphonya mamita atatu kapena asanu kukakhala bwino, kuposa pamenepo pansi pa mitengo. Ndi yabwino pofufuza poyamba, osati pokhomera ma marco, zikhomo zija zosonyeza malire.

Mbali iliyonse ilembedwe kutalika kwake ndi dzina la woyandikana naye: kumpoto munda wa akuti, kumwera njira, kum'mawa dambo.

Bambo Ngozo (kumudzi): Pa oyandikana nawo pomwepo ndionjezere. Pakati pa malowa pamadutsa njira ya ng'ombe yopita kukamwa kudambo, ndipo kungodya ya kumwera kuli kanjira ka kumanda. Papepala la anyamata zonsezi mulibe. Mukatchinga ndi mpanda, mwambo wa maliro woyamba udzathyola mpandawo ndipo palibe mfumu idzakuimireni. Nkhalango ya kumandako isakhudzidwe ngakhale nthambi.

Achemwali Nachisale (Maputo): Zoona bambo, ndipo malamulo ali mbali yanu. Decreto 66/98 imazindikira njira zomwe anthu ndi ziweto akhala akudutsamo mwa chikhalidwe. Zijambulidwe pa pulani ndi m'lifupi mwake, ndipo zilembedwenso mu acta ya consulta comunitária, chikalata cha zomwe anthu a m'deralo agwirizana pa msonkhano wofunsa maganizo awo. Kuvomera kwa pakamwa komwe a Secretário anena sikunakwane. Pafunika msonkhano wa anthu a m'deralo pamaso pa oimira boma, acta yosayinidwa, maganizo a a Administrador, ndi edital, chidziwitso cha boma, yomatidwa poyera masiku 30 kuti wodandaula adandaule. Kukula ndi malire olembedwa mu acta afanane ndi a pa pulani. Acta ikati mahekitala awiri pulani n'kuti 2,4, pempho limaima pomwepo.

China: DUAT ikhale m'dzina la gulu, osati la tcheyamani kapena wina aliyense. Ndiye gulu likhale lolembetsedwa, ndi NUIT yake, nambala ya msonkho. Magulu a ulimi ali ndi njira yachidule ya Decreto-Lei 2/2006, yomwe imathera pa boma lomwelo osafika ku Tete.

Amalume Jere (Johannesburg): Zonsezi ndi chaka chathunthu. Alimi apitirize kugulitsa kachewere padzuwa mpaka liti? Njerwa sizifuna DUAT, umbani zidikire.

A Phiri (Beira): Amalume, kuumba si vuto, vuto ndi kuchuluka kwake ndi pokumba dothi. Simungadziwe njerwa zingati musanadziwe kutsetsereka kwa malo. Pulani iyenera kukhala ndi mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, yofanana ndi akalozera a m'munda, mzere umodzi pa theka la mita lililonse. Tiyerekeze kuti malowa amatsika mita imodzi pa mamita 20 aliwonse. Nyumba ya mamita 30 mukaigoneka kuloza kudambo, mbali yakumunsi maziko ake adzatalika mita ndi theka kuposa yakumtunda, ndipo mkati monsemo mudzafunika kuthira dothi n'kulipondaponda. Mukaigoneka mopingasa, kutsata mzere, kusiyana kumagwera pa m'lifupi mwake mokha. Pa mamita 12 ndi masentimita 60 basi. Simenti ndi njerwa za maziko zimasiyana kwambiri pa njira ziwirizi, ndipo dothi lothira lomwe silinapondedwe bwino ndi lomwe limadzang'amba pansi pa nyumba patapita mvula ziwiri.

Madzi nawonso aoneke papepala. Denga la 12 ndi 30 ndi masikweyamita 360. Mvula ya mamilimita 50, yomwe ku Angónia imatha kugwa masana amodzi mu January, ndi malita 18 000 ochoka padenga lokhalo. Akapanda njira adzakumba ngalande yawoyawo kupyola pakati pa msika mpaka m'madimba a anthu kudambo. Pulani isonyeze ngalande, komwe ikulowera, ndi pothera pake poyalidwa miyala kuti madzi afike atafooka. Thanki ikakhalapo ijambulidwe pomwe ikhale.

Ndipo mzere wa pomwe madzi a dambo amafika mu February ujambulidwe. Woyeza akapita mu July adzapeza pouma. Afunse a madimba, ayang'anenso dothi lakuda ndi udzu wa m'madzi. Akumbe maenje atatu a mita ndi theka pomwe pakhale nyumba, alembe chomwe wapeza. Dothi lakuda la kudambo limatupa likanyowa n'kung'aluka likauma, silinyamula khoma.

Mayi Celestina (Domwe): Inu nonse mukukamba nyumba, koma msika ndi anthu ndi malole. Papepalali chimbudzi achiika kumtunda, mjigo kumunsi kwake pafupi ndi dambo poti ndi pamene madzi ali pafupi. N'chimodzimodzi kumwetsa anthu za m'chimbudzi. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa mjigo, ndipo pakati pake pasachepere mamita 30, mtunda umenewo ulembedwe ndi nambala papepala. Za amayi ndi za abambo zitalikirane ndipo makomo asayang'anizane. Paoneke dzenje la zinyalala, chifukwa kachewere wovunda ndi wambiri pa nthawi yosankha, ndipo fungo lake likaloza kophikira chipisi ogula amathawa. Posankhira ndi posokera matumba pakhale pamthunzi, moyandikana ndi pokwezera, kuti wonyamula thumba asadutse pakati pa amayi ogulitsa pa mulu.

Nyumba yosungira isakhale ndi mawindo aakulu kumadzulo. Kachewere wodya akaona kuwala amabiriwira ndipo sagulika, akatenthedwa amamera. Wa mbewu ndiye amafuna kuwala pang'ono ndi mpweya wambiri. Ndi zipinda ziwiri zosiyana, zilembedwe choncho.

A Phiri (Beira): Mayi anena zoona, ndipo apa pali kukokana. Kuti dzuwa lisawombe khoma lalitali, nyumba imafunika kugona kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo. Koma malo athu amatsikira kum'mawa, ndiye kugoneka choncho n'kudula mizere ija, maziko n'kukwera mtengo. Wojambula ajambule njira zonse ziwiri ndi mtengo wake, gulu lisankhe. Ine ndingatsate mizere n'kuika khonde lalikulu la mamita atatu kumadzulo, lomwe lingakhalenso posankhira paja.

Za malole: yaikulu yokoka ngolo imatalika mamita 17 kapena 18, ndipo kuti itembenuke bwino imafuna bwalo la mamita pafupifupi 25 kudutsa pakati. Likasowa, dalaivala amaima pamsewu n'kumakwezera pomwepo, ngozi n'kuyamba. Chipata cha mamita 4 chomwe chili papepalali ndi cha ngolo ya ng'ombe. Chikhale 8, kapena zipata ziwiri, cholowera ndi chotulukira. Polowera padutsa ngalande ya msewu, ndiye pafunika paipi ya simenti yosachepera mamilimita 600, chifukwa yaing'ono imatsekeka ndi mchenga ndipo munthu sangaichotse. Polowerapo pamafuna chilolezo cha ANE, bungwe loyang'anira misewu, ndipo kalata yawo ndi yomwe inene gawo la msewu ndi poyambira kuyeza. Isanabwere, wojambula asiye mamita 30. Mpatawo sutayika, ungakhale poimika magalimoto ang'onoang'ono, bola pasamangidwe kanthu.

Achimwene Armando (Tete): Zomwe zilipo kale ndi zomwe tikufuna kumanga zisiyanitsidwe pa pulani, zakale mzere wopyapyala, zatsopano wonenepa. Mitengo ikuluikulu, mapolo a magetsi a EDM ndi zingwe zake, chulu chachikulu chija, zonse zilowe. Nyumba iliyonse yatsopano ilembedwe kutalika, m'lifupi, ndi mtunda wake kuchoka ku malire awiri oyandikira, kuti mmisiri akhome zikhomo osaganizira. Ngati ndalama ndi ya gawo loyamba lokha, gawo lachiwiri lijambulidwebe ndi mzere wodukaduka, apo ayi mjigo mudzaukumba pomwe pamayenera kudutsa lole.

Musalembe zambiri kuposa zomwe tingathe. Chilolezo choyamba cha DUAT kwa nzika ndi cha zaka zisanu, ndipo pomaliza amabwera kudzaona ngati zomwe munalonjeza zachitika. Mukajambula hotela ndi filling station kuti pepala likongole, mudzayesedwa ndi zomwezo. Ma marco a simenti nawo ayenera kukhomedwa m'chaka choyamba, ndi woyeza wa boma kapena agrimensor, woyeza malo wolumbirira.

Achemwali Nachisale (Maputo): Pulani yomweyo ipitenso ku ofesi ya zachilengedwe. Decreto 54/2015 imagawa ntchito m'magulu A+, A, B ndi C, ndipo iwo ndi amene amanena gulu lathu ataona kukula kwa ntchito ndi kuyandikira kwa dambo. Tikatalikira dambolo papepala, nkhani imafupika.

Amalume Jere (Johannesburg): Chabwino, woyeza apite. Koma sindikuvomera kuti June adutse manja ali lende. Njerwa za zimbudzi ndi kaofesi sizidalira kutsetsereka kwanuko.

Bambo Ngozo (kumudzi): Ziumbidwe, koma dothi lisakumbidwe pa malowo. Nkhuti ikakumbidwa pomwe padzakhale bwalo la malole mudzalipira kawiri kuikwirira. Pali chulu china kunja kwa malo athu, mwini wake ndikambirana naye.

Mayi Celestina (Domwe): Tsiku loyeza amayi a madimba akhalepo. Ndi amene akudziwa pomwe madzi amafika.

A Secretário (Ulongwe): Ndalemba motere. Achemwali Nachisale atumize ndondomeko yolembetsera gulu sabata ino. Achimwene Armando apeze mitengo ya oyeza atatu, aliyense anene ngati mtengo wake ukuphatikiza mizere ya theka la mita, maenje oyesera dothi ndi ma marco. Ine ndipita ndi amfumu kukapempha tsiku la consulta ndi kukasiya kalata ya ANE. Njerwa za zimbudzi ziyambe mwini chulu akavomera. Za kagonekedwe ka nyumba yosungira sitinagwirizane, tidzavota zithunzi ziwiri za a Phiri zikafika. Amene simunapereke chopereka cha May, nambala ya M-Pesa ndi yomwe ija.