Za bondo langa lija, opaleshoni inachitika

Miyezi isanu yapitayo ndinafunsa ngati n'koyenera kuti munthu wa zaka 34 achitidwe opaleshoni kafupa ka pabondo kakamangoguluka. Kanga kanali kataguluka katatu, komaliza ndikungotsika masitepe. Ambiri munati ndiyambe ndayesa mafizo. Ndinayesa ndithu, koma kankatsetserekabe chakunja.

Dokotala wa mafupa atandijambula ndi makina a MRI, amene amaonetsa za mkati mwa thupi, anapeza kuti mtsempha wotchedwa MPFL, umene umagwira kafupako chamkati kuti kasathawire kunja, unali utaduka. Anayezanso mtunda wochokera pakangalande kamene kafupako kamayendamo kukafika pakanunda ka fupa la msongolo. Ukapitirira mamilimita 20, nthawi zambiri amadula kanundako, kukasuntha, n'kukamanga ndi masikuluwu. Wanga unali 14, ndiye zimenezo zinandiphonya. Anangotenga mtsempha wina m'ntchafu yanga yomweyo n'kupangira MPFL watsopano.

Opaleshoniyo sinandivute kwenikweni, munthu umakhala uli mtulo. Chinandiliza ndi ntchafu. Sabata yoyamba ndikati ndikweze mwendo ndili chigonere, chidendene chinkangokhala phee pamatiresi ngati si changa. Minofu inaphwa moti kabudula ankachita kukhwepa mbali imodzi. Ndodo zoyendera ndinazisiya patatha milungu inayi.

Panopa bondo likupindika bwino ndipo masitepe ndikutsika osagwira khoma. Kugwada kokha kukuwawabe. Inu amene munafunsa ngati ndingathe kusewera mpira, adokotala akuti ndidikire mpaka mwendowu ufanane mphamvu ndi unzakewo.